Nkhondo yauzimu: mdani akapatsidwa dzina, nyumba ndi chipani

Lachisanu usiku ku Mbare, ku Mufakose kapena ku Epworth simufunsa kumene kuli mapemphero, zokuzira mawu zimakuitanani zokha. M'makalasi obwereka, m'matenti ndi m'magalaja anthu amaponda pansi, kuponya zibakera m'malere ndi kufuula "Moto! Moto!" mpaka tambala kulira. Mukawafunsa chimene akuchita amayankha mosajejema kuti ali pankhondo yauzimu. Ine ndinakulira mu CCAP, mpingo umene unayamba kusonkhanitsa makolo athu mzinda uno wa Harare udakali Salisbury, ndipo mpaka lero ndimagwada kupempha Mulungu kuti atipulumutse kwa woipayo. Anthu ofuulawo ndi abale anga m'chikhulupiriro, ena ndi abale anga a magazi. Nkhondo yawoyo inalowa m'nyumba mwathu zaka ziwiri zapitazo, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala ndikulondola mapazi ake, kumene inachokera ndi kumene ikulowera.

Mwana wa mlongo wanga anamaliza maphunziro a zowerengera ndalama, koma zaka zinayi zinatha akugulitsa tomato ndi anyezi pa Mbare Musika. Mnzake anamutengera ku mpingo wa mneneri wina. Kumeneko anamufunsa za kumtundu, ndipo atangonena kuti agogo ake aamuna anachokera ku Dedza ndipo ankavina gule, nkhani inathera pomwepo. Anamuuza kuti m'banja mwathu muli guwa, kuti ntchito yake ndi ukwati wake zinamangidwa paguwapo, ndipo ayenera kuligumula. Atafika kunyumba anatentha chipewa ndi ndodo ya malemuwo, zimene amayi anga anasunga zaka 20. Kenaka anasiya kudya nsima yophika agogo ake. Amayi, amene apitirira zaka 80, anamufunsa kuti, "Mdzukulu wanga, ndakulakwira chiyani ine? Si msana womwewu unakubereka?" Iye anayankha akulira, "Agogo, si inuyo ayi. Ndi chimene chili mwa inu."

Mawu amenewo muwasunge, chifukwa mudzawamvanso pamsonkhano wa ndale.

Nkhondo yauzimu si mawu opeka dzulo. Ali m'kalata ya Paulo kwa Aefeso, mutu 6, pamene akuti kulimbana kwathu sitilimbana ndi mwazi ndi thupi, koma ndi maukulu ndi maulamuliro a mdima. Mpingo wa mibadwo yonseyi unamva ndimeyi motere: Mkhristu akane mayesero, bodza, dyera, mantha ndi chidani, ndipo zida zake ndi choonadi, chilungamo, Uthenga wa mtendere, chikhulupiriro, chipulumutso ndi Mawu a Mulungu. Liwu limene Paulo akubwereza ndi lakuti chirimikani, imani osagwa. Iye mwini anali mu unyolo polemba, koma sanauze Aefeso kuti akalande mpando wa Kaisara, kapena kuti akazungulire kachisi wa Artemi amene anali mumzinda mwawo momwemo. Ndipo mutu wa ndime yonseyo uli m'mawu oyamba aja. Mdani si munthu, ngakhale msilikali amene wagwira mbali ina ya unyolo wako.

Chiphunzitso chimene chadzaza matenti athu ndi chatsopano, ndipo ochikonza ake amadziwika. C. Peter Wagner anali mmishonale ku Bolivia, kenaka mphunzitsi pa Fuller Theological Seminary ku California, ndipo anamwalira mu 2016. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi m'ma 1990 iye ndi anzake anayamba kuphunzitsa kuti nkhondo yauzimu ili ndi magawo atatu. Gawo loyamba ndi kutulutsa chiwanda mwa munthu mmodzi, monga timawerengera m'Mauthenga Abwino. Lachiwiri ndi kulimbana ndi ufiti ndi zamatsenga. Lachitatu, limene ankaliona lapamwamba koposa, ndi kulimbana ndi mizimu yolamulira madera. Ankati mzinda, fuko kapena dziko lili ndi chiwanda chachikulu chimene chinapatsidwa deralo, ndipo Uthenga sungalowe bwino kufikira chiwandacho chitadziwika dzina ndi kumangidwa. Ndime imene amatsamirapo ili pa Danieli 10, pamene mngelo akuti kalonga wa ufumu wa Perisiya anamutsekereza masiku 21. Koma werengani mutuwo modekha. Danieli anasala zakudya zokoma ndi kulira pamaso pa Mulungu. Kalongayo sanamuitane, sanamumange, ndipo za kulimbanako anazimva mngelo atamuuza. Wagner sanaone choncho. Mu 1999 anatsogolera khamu ku mabwinja a Efeso ku Turkey kukalimbana ndi chiwanda chimene ankachitcha Mfumukazi ya Kumwamba, chimene ankatinso chimabisala m'kulemekeza Mariya kwa Akatolika.

Pachiphunzitsochi panamera ntchito yojambula mapu a mizimu, imene George Otis Jr. anaitchukitsa. Opembedzera amayenda m'dera, kufufuza mbiri yake, kulemba pamene pali manda akale, mzikiti, nyumba ya sing'anga kapena malo omwera mowa, ndi kunena kuti apa ndi apa ndipo pakulowera mdima. Mu 1999 Otis anatulutsa kanema wa mizinda imene akuti inasandulika ndi njirayi, ndipo umodzi unali Kiambu ku Kenya. Mbusa Thomas Muthee anafotokoza kuti ngozi za pamsewu ndi mavuto a m'tauniyo zinkachokera kwa mayi wina amene ankamutcha mfiti, ndipo atalimbana naye m'pemphero mayiyo anathawa. Nkhani imeneyi inazungulira dziko lonse. Mu 2005 Muthee yemweyo anasanjika manja pa Sarah Palin ku Alaska, kumupempherera kuti apite patsogolo pandale ndi kutetezedwa ku ufiti. Mu 2008, Palin akupikisana pa udindo wa wachiwiri kwa pulezidenti wa America, atolankhani anapita ku Kiambu. Anamupeza mayi uja adakali komweko, akukana zonsezo. Mapu amene anayamba ndi mizimu anakathera pakhomo la mayi wamoyo, wokhala ndi ana ndi anansi.

Oyamba kudandaula sanali anthu osapemphera. Mu Ogasiti 2000 atsogoleri a mipingo ochokera m'maiko ambiri anakumana ku Nairobi pansi pa Lausanne, bungwe lolimbikitsa kufalitsa Uthenga padziko lonse, kukambirana nkhani yomweyi. Anavomereza kuti Satana ndi ziwanda alipo, koma anachenjeza kuti umboni wa m'Baibulo wa kulimbana ndi mizimu ya madera ndi wochepa, ndipo anapempha Akhristu kusamala ndi mawu a nkhondo. Chenjezolo linatsalira m'mabuku a ophunzira zaumulungu, pamene makaseti ndi mavidiyo anali atafika kale pamsika.

Komabe kungakhale kunama kunena kuti zonsezi anatibweretsera Azungu. Mbewu inagwera m'munda wolimidwa kale. Agogo athu ankasimba za mchape wa m'ma 1930, anyamata ochokera cha ku Mulanje amene ankayenda mudzi ndi mudzi, kufoletsa anthu, kuwaunika pa kalilole ndi kuwamwetsa mankhwala kuti ufiti uthe. Kuno ku Zimbabwe a tsikamutanda akuchitabe zofanana m'midzi, kuloza mfiti ndi kulipiritsa ng'ombe. Mipingo yatsopano inatola mantha akale omwewo ndi kuwapatsa maikolofoni. Mu 1986 Reinhard Bonnke anachititsa msonkhano waukulu wa Fire Conference kuno ku Harare, umene unasonkhanitsa alaliki ochokera m'maiko ambiri a mu Africa. Mpingo wa ZAOGA wa malemu Ezekiel Guti, umene unakulira ku Highfield, waphunzitsa kwa zaka zambiri za kumasulidwa ku mzimu wa umphawi ndi kudula chingwe ndi mizimu ya makolo. Kuchokera ku Lagos kunabwera mapemphero a moto a mpingo wa Mountain of Fire and Miracles wa Daniel Olukoya, olamula adani osaoneka kuti afe. Pemphero lakuti zoipa zibwerere kwa mwini wake, limene ana athu aloweza ngati Atate Wathu, ndi la m'banja lomwelo.

Ndimamvetsa chifukwa chake anthu amathamangirako. Munthu amene anaona mafakitale a ku Workington, Southerton ndi Willowvale akutsekedwa imodzi imodzi kuyambira nthawi ya ESAP, ndondomeko ya boma yosintha kayendetsedwe ka chuma, mu 1991, amene anaona penshoni ya moyo wake wonse ikusungunuka mu 2008 mpaka boma kusindikiza pepala la madola 100 thililiyoni, amafuna yankho. Katswiri wa zachuma amamupatsa manambala, osamuuza choti achite kukacha. Mneneri amamupatsa dzina la mdani, botolo la mafuta ndi masiku osala kudya. Kwa munthu amene wakhala akungokankhidwa zaka zonsezi, kuuzidwa kuti ndi msilikali wa Mulungu ndi chinthu chachikulu. Ndikudziwa amuna amene anasiya kachasu ndi kumenya akazi awo m'mipingo imeneyi, ndi amayi amasiye amene anapezamo owatonthoza pamene ife a mipingo yakale tinangowayendera kamodzi maliro atatha. Zimenezo ndi zoona ndipo sindingazifafanize.

Njira yochokera patenti kupita ku nyumba ya boma inalambulidwa ndi chiphunzitso china, cha mapiri 7. Amasimba kuti Bill Bright wa Campus Crusade for Christ ndi Loren Cunningham wa Youth With A Mission analandira ganizo limodzi mu 1975, lakuti moyo wa dziko uli ndi zigawo 7, zomwe lero amazitchula kuti banja, chipembedzo, maphunziro, zofalitsa nkhani, zaluso ndi zosangalatsa, malonda, ndi boma. Poyamba linali ganizo la utumiki, kuti Mkhristu akhale mchere pamene akugwira ntchito. Lance Wallnau ndi ena oyenda ndi Wagner analitembenuza. Anati pamwamba pa phiri lililonse pakhala mphamvu ya mdima, ndipo ntchito ya mpingo ndi kuigwetsa ndi kukhazikapo munthu wa Mulungu. Wagner anaphunzitsanso kuti kuyambira 2001 yayamba nyengo yachiwiri ya atumwi, pamene atumwi ndi aneneri ndiwo ayenera kulamulira mpingo, ndipo gululo analitcha New Apostolic Reformation. Ife a CCAP tikudziwa kuti mbusa wathu akalakwa pali bwalo la akulu a mpingo, pali presbiterio, pali sinodi. Mtumwi wodzidzoza yekha alibe womufunsa. Mukaphatikiza dera lolamulidwa ndi chiwanda, phiri la boma loyenera kulandidwa ndi mtumwi wosafunsidwa, chisankho chimasanduka nkhondo ya kuwala ndi mdima.

Ku America zaonekera poyera. Mu 2016 Wallnau analalikira kuti Donald Trump ndi Koresi wa lero, mfumu yachikunja ya pa Yesaya 45 imene Mulungu anaidzoza, nalumikiza mutu 45 ndi kuti Trump adzakhala pulezidenti wa nambala 45. Fanizo limeneli limachotseratu funso la khalidwe, poti Koresi safunika kukhala woyera mtima, bola ndi wodzozedwa. Mu Novembala 2020, mavoti akuwerengedwa, Paula White-Cain, mlaliki amene anali mlangizi wauzimu wa Trump, anapemphera pa kanema kuti magulu a ziwanda ofuna kuba chisankho aphwanyike, nanena kuti angelo akutumizidwa kuchokera ku Africa ndi ku South America. Trump atagonja, aneneri ambiri amene analosera kuti apambana sanavomere kuti analakwa. Anati mdani waba. Panachitika maulendo ozungulira nyumba za boma motsanzira Yoswa pa Yeriko, ndipo pa 6 Januwale 2021, khamu litathyola Capitol, nyumba ya malamulo ya dzikolo, m'khamumo munali malipenga a nyanga, mitanda ndi mapemphero. Mneneri mmodzi, Jeremiah Johnson, anapepesa poyera chifukwa cholosera zosachitika, ndipo ananena kuti Akhristu anzake anamutumizira mauthenga omuopseza ndi imfa. Mu Febuluwale 2025 White-Cain anapatsidwa utsogoleri wa ofesi ya zachipembedzo ku White House.

Pafupi ndi ife, Frederick Chiluba pa 29 Disembala 1991 anaima ku State House ku Lusaka ndi kulengeza kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'malamulo aakulu a dzikolo. Mipingo ikuluikulu inadandaula kuti sinafunsidwe. Mu 2001 wodzozedwayo anafuna kusintha malamulo kuti alamulire kachitatu, ndipo mipingo yomweyo, pamodzi ndi maloya ndi mabungwe ena, ndiyo inamuimitsa. Mu 2007 khoti la ku London linagamula kuti iye ndi anzake anaba ndalama za boma, ngakhale khoti la ku Lusaka mu 2009 linamupeza wosalakwa.

Kuno ku Zimbabwe mitsinje ingapo yathira m'dziwe limodzi, ndipo tisaisokoneze. Mapositori a mikanjo yoyera a Johane Marange ndi Johane Masowe anayamba m'ma 1930 ndipo sanaphunzire kwa Wagner. Aneneri a m'tauni ali pafupi ndi West Africa kuposa California: a Emmanuel Makandiwa amatchula Victor Kusi Boateng wa ku Ghana ngati tate wawo wauzimu, a Walter Magaya ankatchula T.B. Joshua wa ku Lagos. Chimene chimawakumanitsa ndi phindu limene andale amapezamo. Mu Julayi 2010 a Robert Mugabe, Mkatolika, anavala mkanjo woyera ndi kugwira ndodo pa Pasika wa a Marange ku Mafararikwa. Mu 2014, pochotsa mayi Joice Mujuru pa udindo wa wachiwiri kwa pulezidenti, mwa zimene anawanenera poyera munali za kufunsira kwa asing'anga. Pa 5 Novembala 2017, pa bwalo la Rufaro pa Mbare pompano, mayi Grace Mugabe anaima pamaso pa zikwi za mapositori nayerekeza a Emmerson Mnangagwa, wachiwiri kwa pulezidenti panthawiyo, ndi njoka yofunika kuphwanyidwa mutu. Mawa lake a Mnangagwa anachotsedwa ntchito. Pasanathe masabata atatu anabwerera kudzakhala pulezidenti, akunena kuti mawu a anthu ndi mawu a Mulungu. Chisankho cha 2023 chisanachitike tinaona magulu a Pastors4ED ndi Vapostori4ED, a abusa ndi mapositori ochirikiza a Mnangagwa. Otsutsa boma nawo sanatsalire. A Nelson Chamisa, amene anaphunzira za ubusa pa koleji ya mpingo wa AFM, anayenda mu 2018 ndi mawu akuti Mulungu ali momwemo. Ambiri a ife tinawakonda mawuwo. Koma ndinamva ndi makutu anga anthu m'kombi akunena kuti palibe chodandaulira za oyang'anira mavoti m'malo oponyera, poti Mulungu wanena kale.

Apa ndi pamene mawu a mwana wa mlongo wanga amabwereranso. Demokalase imaima pa chinthu chimodzi chovuta kumeza, chakuti amene ndikutsutsana naye ndi munthu ngati ine, pena akhoza kulondola, ndipo akandiposa mavoti ndidikira zaka 5. Mukanena kuti si iyeyo koma chimene chili mwa iye, zonsezo zagwa. Chiwanda sukambirana nacho, sugawana nacho mipando, suvomera kuti chakuposa. Wolankhulayo amadziona wachifundo poti akuti sakudana ndi munthu. Koma mbale imene yakanidwa ndi ya agogo, nyumba imene yagendedwa ndi ya munthu, ndipo mutu umene udzaphwanyidwe sudzakhala wa njoka.

China chimene chimafa ndi kufunsa. Kolera wa 2008 ndi 2009 anapha anthu oposa 4,000 m'dziko lino, ndipo Budiriro inali pakati pa motowo. Mu Seputembala 2018 anabukanso ku Glen View ndi ku Budiriro komweko. Zifukwa zake zimadziwika: mapaipi a zonyansa ophulika, zitsime ndi mijigo yoipitsidwa, Lake Chivero yolandira zonyansa za mzinda womwe umamwa madzi ake, malo oyeretsera madzi a Morton Jaffray osowa mankhwala. Chilichonse mwa izi chili ndi bajeti, chili ndi munthu wosayina, chili ndi khansala kapena nduna yoyenera kuyankha. Mukauza anthu kuti pa dera lawo pali mzimu wa imfa, adzalizungulira ndi mafuta usiku wonse, ndipo m'mawa wosayina uja adzalowa mu ofesi popanda womufunsa. Palibe wolamulira amene angadane ndi chiphunzitso chotere. Akawonjezerapo Masalimo 105, musakhudze odzozedwa anga, ndi Aroma 13, maulamuliro anaikidwa ndi Mulungu, mneneri ndi wandale amakhala atafundana bulangeti limodzi. Wina amapereka madalitso ndi khamu, mnzake amapereka malo omangapo tchalitchi, ulemu ndi chitetezo. Mu 2018 a Magaya analengeza kuti apeza mankhwala ochiza HIV otchedwa Aguma, m'dziko limene anthu oposa miliyoni amamwa ma ARV, ndipo khoti mu 2019 linawalipiritsa madola 700. Mu 2021 mneneri Uebert Angel anasankhidwa kukhala kazembe wapadera wa pulezidenti, ndipo mu 2023 Al Jazeera inaonetsa zimene inamujambula mobisa akukamba zogwiritsa ntchito udindowo kulowetsa ndalama zambiri m'dziko popanda kusechedwa. Mbali yake inakana kuti panali cholakwa.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ndi ife, ana a anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Dzifunseni kuti wojambula mapu a mizimu akafika ku Mbare, ku Dzivarasekwa, ku Mabvuku kapena pakomboni ya pafamu, cholembera chake chidzayamba kugwera pati. Chidzagwera pa dambwe la gule, amene anzathu Achishona amati zvigure ndipo ana awo amakula akumuopa. Chidzagwera pa mzikiti wa abale athu Achiyao. Chidzagwera pa gogo wolankhula Chishona chopotoka amene alibe mudzi wobwererako. UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, koma m'tenti amangotchulidwa ngati guwa la Satana. Mpingo wanga womwe unakangana ndi Nyau kuyambira kale ku Nkhoma, ndipo sindikuuza Mkhristu kuti akalowe gule. Kusiyana ndi munthu pachikhulupiriro ndi nkhani ina. Kunena kuti kukhalapo kwake ndiko kukumanga ntchito, mimba ndi maukwati a anthu m'dera ndi nkhani inanso, ndipo ife tikudziwa kumene mawu otere amathera. Tinatchedwa mabwidi ndi mabhurandaya, maina onyozera obwera. A Mugabe ananenapo anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mitupo, ndiko kunena opanda mfunda. Lamulo la unzika la 2001 linasandutsa alendo anthu obadwira mumzinda muno, ambiri sanavote mu 2002, mpaka malamulo aakulu a 2013 anatsegulanso njira. Mafamu atalandidwa kuyambira 2000, ndi pa Murambatsvina wa 2005, mchitidwe wa boma wogumula nyumba ndi misika m'matauni, amene lipoti la United Nations linati anasiya anthu pafupifupi 700,000 opanda nyumba kapena ntchito, anzathu anauzidwa kuti abwerere kumusha, ndiko kunena kumudzi. Ife kumusha kwake kunali kuti? Munthu amene analembedwapo mlendo pachitupa azichenjera akamva wina akutchedwa chiwanda pagome. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwa makolo athu ku Malawi magazi anakhetsedwa kale. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu okalamba anayi anaphedwa ndi khamu mphenzi itapha mtsikana wa m'mudzimo. Lamulo la ku Malawi la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo kuno, ngakhale lamulo linasinthidwa mu 2006, kuloza munthu ufiti popanda maziko ndi mlandu mpaka lero. Sindikuti mneneri ndiye anapha ku Neno. Koma amene amaima pamaso pa holo yodzaza ndi kuuza anthu kuti wowamanga ali m'nyumba mwawo momwemo, ndi wachikulire, ndipo ndi wamkazi, akuthira palafini pa udzu wouma kale.

Wina adzati, ndiye mpingo ukhale chete pandale? Ife Amalawi sitingavomere zimenezo. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya mabishopu a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, ndipo inagwedeza ulamuliro wa a Kamuzu Banda mpaka referendamu ya 1993. Kuno, mbusa Evan Mawarire mu 2016 anadzikulunga mbendera ndi kulankhula za kusowa fizi ya ana ake ndi za katangale. Mu Ogasiti 2020 mabishopu a Katolika a Zimbabwe analemba za umphawi, katangale ndi kuzunza otsutsa, ndipo nduna ya zofalitsa nkhani, mayi Monica Mutsvangwa, inatcha uthengawo woipa ndi kuloza chala Arkiepiskopi Robert Ndlovu. Makalata amenewa anatchula malipiro, zipatala, masukulu, anthu otsekeredwa popanda mlandu, zinthu zimene aliyense, Msilamu, wa gule kapena wosapemphera, akhoza kupita kukaona ngati ndi zoona. Sanati wolamulira ali ndi chiwanda, ndipo sanadzoze womulowa m'malo. Natani anauza Davide mlandu wake weniweni, mkazi wa Uriya ndi magazi a Uriya. Pa 1 Mafumu 22 aneneri 400 anauza Ahabu kuti apite kunkhondo adzapambana, mmodzi mpaka anasula nyanga zachitsulo zoonetsera. Mikaya yekha ananena zosakoma, ndipo anamenyedwa khofi ndi kuponyedwa m'ndende.

A Lazarus Chakwera anatsogolera Assemblies of God ku Malawi kuyambira 1989 mpaka 2013, ndipo atapambana mu 2020 ambiri anati Mulungu wayankha. Mu Seputembala 2025 anthu omwewo anayeza mtengo wa chimanga, wa feteleza ndi mizere ya mafuta, nawachotsa, ndipo iwo anavomera kugonja zotsatira zomaliza zisanalengezedwe. Zimenezi zinandilimbitsa mtima. Mbusa akhoza kulowa ndale ndi kutulukamo ngati munthu wamba, malinga iye ndi omutsatira avomere kuti voti ya mnzawo si ya mdierekezi.

Ndi mwana wa mlongo wanga sitinamalizane. Ndinakhala naye pansi ndi Baibulo lake lomwe. Ndinamuwerengera Ezekieli 18, pamene akuti mwana sadzasenza mphulupulu ya atate wake, ndi Yohane 9, pamene ophunzira anafunsa kuti anachimwa ndani kuti munthu abadwe wosaona, Yesu nati si iyeyo kapena makolo ake. Ndinamufunsa kuti mwa anzake amene anamaliza nawo sukulu, Achishona, Andebele, ana a abusa amene agogo awo sanaonepo dambwe, ndi angati ali pantchito. Anawerenga ndi zala, dzanja limodzi silinakwane. Ndinamufunsanso ngati mneneriyo anayamba waimapo pagulu kunena kuti ulosi wakutiwakuti unalephera. Anakhala chete, kenaka anati, "Amalume, inu mukuganiza mwathupi." Ku mapemphero akupitabe. Mwezi watha anandionetsa uthenga wa pa WhatsApp woitana opembedzera kusala kudya masiku 21 kuti alande phiri la boma, ndipo m'munsi mwake munali nambala ya foni yotumizirapo mbewu, ndiko kuti chopereka cha ndalama.

Amayi anga sanasiye kumupakulira. Amaika nsima yake m'mbale, kuvindikira ndi ina, ndi kuisiya pafupi ndi moto kuti isazizire. Masiku ambiri mbaleyo imagona choncho, m'mawa n'kupatsa ana a anansi. Sabata yatha, nditabwera kuntchito, ndinapeza ndiwo zatha koma nsima ili pomwepo, ndipo amayi anandiuza kuti ndisafunse kanthu.